Mapu Akamakusocheretsani ku Jamaica: Mmene Mungapezere Njira Yodalirika Poyendetsa Galimoto

Munthu amene wangolandira kumene makiyi a galimoto ya hayala pa bwalo la ndege la Sangster ku Montego Bay, kapena la Norman Manley ku Kingston, kawirikawiri amanyamuka ali ndi chikhulupiriro chakuti chilumba chaching'ono chotere sichingamusocheretse. Chilumba cha Jamaica n'chotalika makilomita pafupifupi 235 kuchokera kummawa kukafika kumadzulo, m'mimba mwake pamene chakula kwambiri ndi makilomita 80 ndi pang'ono, ndipo kwa ife amene tinazolowera kuyendetsa mbali ya kumanzere manja amakhazikika msanga pa chiwongolero chifukwa nakonso amayenda kumanzere. Koma tsiku lisanathe ambiri amakumana ndi vuto limene limabwerabwera kwa alendo: njira imene foni yalozera sigwirizana ndi imene eni dziko amadutsadi, nthawi imene foni inalonjeza imakwana munthu akadali pakati pa mapiri, ndipo dzina limene walemba limakamutula ku malo ena a dzina lomwelo. Vutoli linandigwerapo kangapo, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti ku Jamaica kulibe mapu amodzi amene munthu angawadalire paokha. Njira imakhala yodalirika pokhapokha zimene mapu akunena zitayesedwa ndi zimene akudziwa anthu amene adutsa msewuwo sabata yomweyo.

Gwero la vutoli lili m'maonekedwe a dzikolo. Pakati pa chilumbachi pali mapiri okhaokha. Kummawa kuli Blue Mountains, kumene nsonga yaitali kwambiri imafika mamita 2,256, ndipo chakumadzulo kuli Cockpit Country, dera la timapiri ta miyala ya laimu ndi zigwa zakuya zonga mabeseni, limene mpaka lero palibe msewu wabwino wolidula pakati. Pa chifukwa chimenechi misewu ikuluikulu imazungulira m'mbali mwa nyanja, ndipo yodutsa pakati kuchokera kumpoto kupita kummwera ndi yowerengeka. Pulogalamu ya mapu ikaona mzere wolumikiza matawuni awiri imawerengera kutalika kwake ndi liwiro limene ikuganiza kuti galimoto ingayende, koma siona kuti mzerewo ndi msewu wa makona otsatizana, wopapatiza moti galimoto ziwiri sizingadutsane, wokumbika ndi madzi, ndiponso wokhala ndi phompho mbali imodzi. Malamulo amalola makilomita 50 pa ola m'matawuni, 80 kunja kwa matawuni ndi 110 m'zigawo zina za misewu yolipira, koma m'mapiri munthu wosamala amayenda pang'onopang'ono m'giya yachiwiri kwa nthawi yaitali, ndipo pamenepo m'pamene masamu a foni amasiyanira ndi zoona.

Foni ikasankha njira yachidule yodutsa m'mapiri

Mankhwala oyamba, amene ndimawaona kuti amaposa pulogalamu iliyonse, ndi kusunga m'mutu misewu yochepa imene ili thunthu, kumene ina yonse imaphukira ngati nthambi. Msewu wa A1 umachokera ku Kingston, kudzera ku Spanish Town, Bog Walk, Linstead ndi Moneague, n'kukatulukira ku gombe la kumpoto ku St Ann's Bay, kenako umatsata nyanja kudutsa Falmouth, Montego Bay ndi Lucea kulowera ku Negril. Wa A2 ndi wa kummwera: umayambira ku Spanish Town, umadzera ku Old Harbour ndi May Pen, umakwera chakufupi ndi Mandeville, umatsika phiri la Spur Tree, n'kupitirira ku Santa Cruz, Black River ndi Savanna-la-Mar. Wa A3 umachoka ku Kingston kudzera ku Stony Hill ndi Castleton kukafika ku gombe pafupi ndi Annotto Bay, n'kukhotera ku Port Maria ndi Ocho Rios, ndipo chigawo chake cha m'mapiri eni ake amachitcha Junction Road. Wa A4 umazungulira nsonga ya kummawa kudzera ku Morant Bay ndi Port Antonio. Misewu yoyamba ndi chilembo B ndi yaing'ono, ndipo imasiyana kwambiri: B8, umene umachokera ku Reading pafupi ndi Montego Bay kulowera ku Savanna-la-Mar, amadutsamo anthu ambiri tsiku ndi tsiku, pamene ina ya chilembo chomwecho ili pafupi kubwerera kukhala tchire. Mukadziwa thunthu limeneli, mudzazindikira nthawi yomweyo foni ikafuna kukuchotsanipo, ndipo mudzadzifunsa chifukwa chake musanakhote.

Pamwamba pa misewu yakaleyi panabwera misewu yolipira ya Highway 2000, imene inasintha maulendo ambiri. Wa kummawa ndi kumadzulo umachokera kufupi ndi Kingston kukafika ku May Pen, ndipo mu 2023 anautalikitsa mpaka ku Williamsfield, pafupi ndi Mandeville. Wa kumpoto ndi kummwera, umene unatsegulidwa wonse mu Malichi 2016, umayambira ku Caymanas n'kukathera ku Mammee Bay pafupi ndi Ocho Rios, ndipo ulendo umene kale unkatenga maola awiri kapena kuposerapo pokwera Mount Rosser kumbuyo kwa malole tsopano umatenga ola limodzi ndi mphindi zochepa. Ngati foni yanu ikukupatsani maola ochuluka pa ulendo wa ku Ocho Rios kuchokera ku Kingston, yang'anani m'makonzedwe a pulogalamuyo ngati simunatsegule lamulo lopewa misewu yolipira, pakuti anthu ambiri amalitsegula ali kwina n'kuiwala kulitseka. Khalaninso ndi ndalama za ku Jamaica m'manja zolipira pa zipata, chifukwa munthu amene alibe zolipira amakakamizika kutsata msewu wakale umene sanaukonzekere.

Mmene njira yachidule imasocheretsera ndinaziona ndi maso anga m'dera la Trelawny. Ndinanyamuka ku Mandeville dzuwa litapendeka, ndikupita ku Falmouth, ndipo ndinayenda bwino pa B5 kudzera ku Christiana ndi kamudzi kotchedwa Wait-a-Bit, pakati pa minda ya zilazi imene inakuta mapiri onse ndi mitengo yoyangira. Nditafika ku Albert Town, pulogalamu imene ndinkagwiritsa ntchito inandilozera msewu wopita ku Clark's Town, umene pa mapu unkaoneka wowongoka ndi waufupi. Poyamba panali phula, kenako phulalo linayamba kuduladula, kenako panatsala miyala yoyera yokhayokha, ndipo pakati pa njira panamera udzu wofika m'mawondo umene unkakhula kunsi kwa galimoto. Pakona ina ndinakumana ndi bambo wina wachikulire ali ndi chikwanje m'manja, akukusa bulu wosenza mitengo yoyangira zilazi. Anakweza dzanja, ine n'kuima. Nditawapatsa moni ndi kuwauza kumene ndinkapita, sanayang'ane n'komwe foni imene ndinkawaonetsa, koma anawerama n'kusuzumira kunsi kwa galimoto. Anandiuza modekha kuti njira imeneyo imadutsa ku Barbecue Bottom, kuti galimoto yotsika ngati imeneyo singatulukire tsidya linalo, ndipo kuti ndibwerere ku Albert Town ndikatenge msewu wa ku Ulster Spring wotsikira ku Jackson Town. Anayenda patsogolo panga mpaka pamalo pamene panali mpata wotembenukira, ndipo ndinafika ku Falmouth kuli mdima, galimoto ili yathunthu.

Chiyambire tsiku limenelo udzu womera pakati pa msewu ndimautenga ngati chikwangwani chomveka bwino kuposa china chilichonse, chifukwa umasonyeza kuti eni dera anasiya kudutsapo ndi galimoto. Chizindikiro china ndi kusowa kwa matakisi. Ku Jamaica matakisi ndi maminibasi onyamula anthu amakhala ndi nambala zofiira, ndipo amafika pafupifupi mudzi uliwonse umene uli ndi msewu woyendeka. Mukayenda mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu masana osakumana ndi galimoto ya nambala yofiira ngakhale imodzi, ndi bwino kuima pamene pali anthu n'kufunsa. Koma chabwino koposa ndi kuyesa njira musanalize galimoto. Kulitsani mapu pa foni, mutsate mzere wonse kuyambira poyambira mpaka pothera, muone pamene ukuchoka pa msewu wa A kapena wolipira, ndipo pamalo amenewo mutsegule chithunzi cha setilaiti. Ngati msewu ukusowa pansi pa mitengo kwa mtunda wautali popanda denga la nyumba m'mbali mwake, ukaikireni. Mukafuna kuikakamiza pulogalamu kuti itsate msewu waukulu, ikani tawuni ya pa msewuwo ngati poima pa ulendo wanu, mwachitsanzo Jackson Town kwa wopita ku Falmouth kuchokera ku Christiana. Kuthamanga sikufika, ndipo m'mapiri a ku Jamaica njira yozungulira nthawi zambiri ndiyo imakufikitsani msanga.

Misewu ina ndi yeniyeni ndipo anthu amaidutsa, koma imafuna galimoto yoyenera ndi nthawi yokwanira. Wa B1, umene umachoka ku Papine kukwera ku Newcastle, kumene umadutsa pabwalo la perete la asilikali, n'kupitirira ku Hardwar Gap kutsikira ku Buff Bay, pa mapu umaoneka ngati njira yachidule yopita ku Portland, koma ndi wopapatiza, umakutidwa ndi nkhungu, ndipo umaduka kawirikawiri nthaka ikagumuka. Wopita ku Port Antonio amachita bwino kutenga Junction Road kapena A4. Wofuna kukwera nsonga ya Blue Mountain adziwe kuti kuchokera ku Mavis Bank kupita ku Hagley Gap ndi Penlyne Castle pamafunika galimoto yokoka ndi matayala onse anayi, ngakhale mapu atajambula msewuwo mofanana ndi ina yonse.

Dzina likakufikitsani ku malo olakwika

Vuto lachiwiri ndi lobisika kwambiri chifukwa foni imachita zonse molondola, kungoti kumene yakutulani sikumene munkafuna. Jamaica inagawidwa m'zigawo 14 zimene eni ake amazitcha parish, zonga maboma, ndipo maina ambiri a midzi anachokera ku minda ikuluikulu ya nzimbe ya nthawi ya ukapolo, imene eni ake ankaitcha maina ofanana. N'chifukwa chake dzina la Content, Friendship, Retreat, Richmond kapena Mount Pleasant limapezeka m'maparish angapo. Whitehouse ilipo ku Westmoreland, mudzi wa asodzi pa A2, ndipo ina ili pambali penipeni pa bwalo la ndege la Sangster ku St James. Orange Bay ilipo ku Hanover pafupi ndi Negril, ina ku Portland, kumapeto ena a chilumba. Golden Grove ilipo ku St Ann ndi ku St Thomas, ndipo Sandy Bay ilipo ku Hanover ndi ku Clarendon. Okonda nyimbo za reggae amene akufuna kukaona kumene anabadwira Bob Marley ayenera kulemba Nine Mile ya ku St Ann, chifukwa kummawa kwa Kingston, chaku Bull Bay, kuli malo ena otchedwa Nine Miles. Ngakhale liwu lakuti Junction lili pawiri: ndi tawuni ya ku St Elizabeth, komanso ndi msewu wa m'mapiri wopita ku St Mary uja. Choncho musalembe dzina la malo popanda parish yake, ndipo pamapeto muonjezere dzina la dziko, pakuti Kingston ilinso ku Canada, Falmouth ndi Manchester zilinso ku England, ndipo mu mzinda wa New York muli dera lotchedwa Jamaica.

Maadiresi nawonso amafuna kuwamvetsa. Mu Kingston muli manambala a zigawo, monga Kingston 5 kumene kuli New Kingston ndi Kingston 10 chaku Half Way Tree, ndipo nambala imeneyi imathandiza kusiyanitsa misewu ya maina ofanana. Kumidzi adiresi imatchula dzina la mudzi, positi ofesi imene anthu a m'mudzimo amalandirirako makalata, ndi parish, popanda nambala ya nyumba kapena dzina la msewu. Positi ofesiyo ikhoza kukhala patali ndithu ndi nyumbayo, tsidya lina la phiri, ndipo mukalemba adiresi yonseyo m'foni kawirikawiri imangokusiyani pakati pa tawuni. Njira yothetsera ndi kupempha mwini nyumba kapena woyang'anira malo ogona kuti aime pageti penipeni n'kukutumizirani location pa WhatsApp, kenako akufotokozereninso ndi mawu kuti mukhotere pati pochoka pa msewu waukulu, chifukwa pin imasonyeza pamene pali nyumba koma sinena kuti mwa tinjira titatu topita kumeneko koyendeka ndi kati. Mukapatsidwa manambala a malo, kumbukirani kuti Jamaica ili pa madigiri pafupifupi 18 kumpoto ndi 77 kumadzulo, ndipo nambala yachiwiriyo iyenera kuyamba ndi kamzere kochotsera. Kamzereko kakasowa, mapu amalumphira ku India.

Netiweki ikatha, kapena mapu akakalamba

M'matawuni ndi m'mbali mwa nyanja makampani a Digicel ndi Flow amafikitsa intaneti, koma m'zigwa zakuya ndi kuseri kwa mapiri netiweki imatha kuduka, ndipo imaduka pamalo omwewo pamene mphambano zilibe zikwangwani. Chofunika kudziwa n'chakuti GPS ya m'foni sidalira bandulo: kadontho kosonyeza pamene muli kamayendabe, chimene chimasowa ndi mapu oti kadonthoko kayendepo. Choncho mukadali pa Wi-Fi sungani m'foni mapu a chilumba chonse. Google Maps imalola zimenezi ndipo imalozerabe njira ya galimoto popanda intaneti, ngakhale kuti siingakuuzeni za kuchulukana kwa magalimoto, ndipo mapu osungidwawo amafunika kuwatsitsimutsa pakapita nthawi. Ndimalangiza kukhalanso ndi pulogalamu yachiwiri yogwiritsa ntchito mapu a OpenStreetMap, monga Organic Maps kapena OsmAnd, osati chifukwa imodzi imaposa inzake paliponse, koma chifukwa zikasemphana pa mphambano inayake mumadziwa kuti pamenepo m'pofunika kufunsa munthu. Pulogalamu ya Waze imathandiza m'kati mwa Kingston ndi Montego Bay kumene oyendetsa ambiri amanena zimene akuona pa msewu, koma imafuna intaneti. Tengani chaja ya m'galimoto ndi choikapo foni, chifukwa kuyambira mu Febuluwale 2023 lamulo latsopano la pamsewu limaletsa kugwira foni m'manja poyendetsa.

Mapu a pepala sanathe ntchito, chifukwa ndi okhawo amene amakuonetsani chilumba chonse nthawi imodzi, ndipo munthu amene mukumufunsa akhoza kuloza ndi chala. Bungwe la Jamaica Tourist Board lakhala likutulutsa mapu a misewu otchedwa Discover Jamaica, okhala ndi mapu a matawuni akuluakulu kuseri kwake. Ofuna tsatanetsatane wa mapiri ndi tinjira ta kumidzi angafunse ku nthambi yoona za mapu ya National Land Agency ku Kingston, imene ili ndi mapu a sikelo ya 1:50,000, ndipo bungwe la Mona GeoInformatics Institute la pa University of the West Indies linakonzapo mapu otchedwa JAMNAV ogwiritsa ntchito m'zipangizo zolozera njira za Garmin. Chimene muyenera kuyang'ana pa mapu alionse a pepala ndi chaka chimene anasindikizidwa. Osindikizidwa chisanafike chaka cha 2016 sangasonyeze msewu wonse wa ku Mammee Bay, ndipo osindikizidwa chisanafike 2023 sangasonyeze chigawo cha msewu wolipira chochokera ku May Pen kukafika ku Williamsfield. Amathanso kusonyeza ndi mzere wonenepa msewu umene unali wabwino zaka makumi atatu zapitazo koma unasiyidwa.

Mvula ikasintha msewu usiku umodzi

Palibe mapu, a pepala kapena a m'foni, amene amathamanga mofanana ndi madzi. Mvula yambiri imagwa cha mu Meyi ndi mu Okutobala, ndipo nyengo ya anamondwe imayamba pa 1 Juni n'kutha pa 30 Novembala. Malo amene aliyense ayenera kuwadziwa ndi chigwa cha Bog Walk pa A1, kumene msewu umatsata mtsinje wa Rio Cobre pakati pa makoma aatali a miyala n'kuuwoloka pa Flat Bridge. Mlatho umenewu ndi umodzi mwa milatho yakale kwambiri pa chilumbachi, ndi wa galimoto imodzi, ulibe zotchinga m'mbali, ndipo maloboti ndiwo amapereka mpata kwa mbali imodzi kenako inayo. Mtsinje ukadzaza madzi amayenda pamwamba pa mlathowo, akuluakulu amatseka chigwacho, ndipo oyendetsa amauzidwa kudzera ku Sligoville, ku Barry kapena pa msewu wolipira. Foni yosadziwa zimenezi idzakulozeranibe m'chigwamo. Mvula ikagwa kumtunda, ngakhale pamene muli pali dzuwa, ine ndimalipira pa chipata n'kusiya chigwacho. M'madera ena msewu umawoloka mtsinje kapena ngalande popanda mlatho, pamalo pamene eni ake amati fording, ndipo ngati madzi akuyenda mwamphamvu pamenepo musayese kuwoloka ngakhale galimoto ina itawoloka patsogolo panu.

Uthenga wa misewu yotsekedwa umachokera ku National Works Agency, bungwe la boma loyang'anira misewu ikuluikulu, limene limalengeza pa wailesi ndi pa masamba ake a mchezo za misewu yogumuka ndi njira zina zodzera. Meteorological Service of Jamaica, nthambi yoona za nyengo, imachenjeza za madzi osefukira, ndipo ODPEM ndi ofesi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. M'mauthenga amenewa mudzamva liwu lakuti breakaway, kutanthauza pamene mbali ya msewu yagumukira kuphompho, ndipo Junction Road ndi misewu ya ku Portland, St Thomas ndi kumtunda kwa St Andrew imatchulidwa kawirikawiri. Namondwe akadutsa, zonse zimene munkadziwa za msewu ziyenera kuyesedwanso. Beryl anasakaza madera a kummwera mu Julayi 2024, ndipo Melissa, amene anafika pamtunda ku Westmoreland pa 28 Okutobala 2025 ali ndi mphamvu yoopsa, anaononga kwambiri Black River ndi madera a kumadzulo. Wopita m'madera amenewo asadalire ndemanga za apaulendo zolembedwa kale, koma aimbire foni kumene akupita m'mawa wa tsiku lonyamuka n'kufunsa njira imene magalimoto obweretsa katundu akudutsa.

Kufunsa njira m'njira yoti muthandizike

Anthu a ku Jamaica amathandiza mlendo wofunsa njira, koma amalemekeza moni monga mmene ife timachitira, ndipo wotsitsa galasi n'kuyamba ndi funso amayankhidwa mwachidule. Perekani moni wa nthawi imeneyo, kenako funsani. Amene amadziwa bwino misewu ndi madalaivala a matakisi a nambala zofiira, ogwira ntchito pa malo omwetsera mafuta, ndi apolisi, pamene munthu wongoyenda pansi akhoza kukulozerani njira imene iye amadutsa wapansi. Funso lakuti kodi msewu uwu ukupita kwakuti silokwanira, chifukwa yankho lake likhoza kukhala loona koma losathandiza. Funsani ngati galimoto imene mwakwerayo ingadutse lero, ndipo funsani ngati matakisi akudutsabe. Musatchule manambala a misewu, pakuti anthu ambiri sanena kuti A2 kapena B5, amatchula tawuni yotsatira. Choncho lembani papepala matawuni onse a pa ulendo wanu motsatana, n'kumafunsa za limodzi lotsatira lokha.

Khutu nalonso liyenera kuzolowera. Ocho Rios amati Ochi, Montego Bay amati MoBay, Savanna-la-Mar amangoti Sav, Lucea amatchula ngati Lusi, ndipo munthu wa kumudzi akati Town akunena Kingston. Zikwangwani zimalemba makilomita, koma anthu ambiri amalankhula za mamailosi, ndipo mailosi imodzi ndi makilomita 1.6. Achikulire a kumidzi amayezabe mtunda ndi muyeso wakale wa chain, umene ndi mayadi 22 kapena mamita pafupifupi 20, ngakhale kuti pakamwa pa munthu machain ochepa akhoza kutanthauza mtunda wotalikirapo. Zizindikiro zimene amatchula ndi square, kutanthauza pakati pa mudzi pamene pali magolosale ndi poima matakisi, tchalitchi, sukulu, malo omwetsera mafuta, ndi nsanja za wotchi monga za pa Half Way Tree, Cross Roads, Old Harbour ndi May Pen. Nthawi zina malo omwetsera mafuta amawatchulabe ndi dzina la kampani imene inachokapo kale, choncho funsani chizindikiro chachiwiri. Mukamva mayankho, abwerezeni mokweza kuti wokuuzaniyo akukonzeni, ndipo pa mphambano yotsatira mufunsenso munthu wina.

M'mizinda vuto limasintha nkhope. Kumunsi kwa Kingston misewu yambiri ndi yolowera mbali imodzi, ndipo pulogalamu yofuna kukupulumutsani ku mdipiti wa magalimoto ikhoza kukulowetsani m'tinjira ta m'madera amene mlendo sayenera kulowamo osadziwa. Mu Kingston, Spanish Town ndi Montego Bay muli madera ena amene akhala akuvutika ndi magulu a zigawenga, ndipo kuyambira mu 2017 boma lakhala likuika ena mwa iwo pansi pa chitetezo chapadera cha apolisi ndi asilikali, kuyambira ndi Mount Salem ku St James. Mapu sasonyeza malire amenewa, ndipo zinthu zimasintha mwezi ndi mwezi. Choncho m'mizinda khalani pa misewu ikuluikulu ngakhale ikuchedwetseni, ndipo funsani amene akukulandirani kuti akuuzeni njira yochokera ku bwalo la ndege. Kwa zaka zambiri alendo ochokera ku Norman Manley kupita ku New Kingston akhala akulangizidwa kudzera ku South Camp Road. Mukakumana ndi chotchinga cha apolisi kapena asilikali, chepetsani liwiro, tsitsani galasi, ndipo ngati mwasochera auzeni, chifukwa iwo angakulozereni njira yotulukira.

Zonsezi zikalephera ndipo mwazindikira kuti simukudziwa pamene muli, musapitirire kutsogolo poganiza kuti msewu ukhala bwino pakona yotsatira. Pezani pamalo potakata pamene simutseka njira, makamaka pafupi ndi golosale, tchalitchi kapena sukulu, ndipo bwererani ku mphambano yomaliza imene mukuidziwa dzina, ngakhale pulogalamu ikuumirira kuti njira yakutsogolo ndi yaifupi. Potembenuka ndi podutsa makona osaoneka kuseri lizani hutala monga amachitira eni dziko, pakuti malole ndi maminibasi amatsika akudalira kuti wobwera adzimveketsa. Yang'anani mafuta musanalowe m'mapiri, chifukwa malo omwetsera amapezeka makamaka m'matawuni. Dzuwa ku Jamaica limalowa pakati pa hafu pasiti faifi ndi seveni koloko malinga ndi mwezi, mdima umagwa msanga, ndipo misewu ya kumidzi ilibe magetsi kapena mizere ya m'mbali, pamene mbuzi, ng'ombe ndi anthu oyenda pansi amakhala pamsewu pomwepo. Ngati kukuda mukadali ku Christiana, ku Moneague kapena ku Annotto Bay ndipo kutsogolo kwatsala mtunda wa m'mapiri umene simukuudziwa, funani malo ogona m'tawuni imeneyo n'kupitiriza m'mawa. Nambala ya apolisi ndi 119, ya ozimitsa moto ndi ambulansi ndi 110, ndipo nambala ya kampani imene inakubwerekani galimoto muilembe papepala n'kuisunga pamodzi ndi mapu, kuti batire la foni likatha mukhoze kuimba pa foni ya munthu wina.